Wotchi ya Zotolatola

Lolemba

Ikugunda! Tiki-tiki-tiki, ngati mtima wa mwanapiye. Ndaiika kukhutu, ndaichotsa, ndaiikanso. Makina a wotchi ya malemu bambo anga, amene agona m'kabati zaka zonsezi, lero adzuka m'manja mwanga. Linali fumbi ndi mafuta akale basi, m'kati simunathyoke kanthu.

Nkhani ili apa. Mwana wanga Taonga anyamuka Lamulungu. Ntchito yake yoyamba ya unesi, kukiliniki ina kuseri kwa Solwezi, kumene minibasi zathu za pa Kafue sizikudziwa n'komwe. Amake amugulira mapoto ndi bulangete. Azakhali ake, sutikesi. Nanga ine bambo wake? Chithereni ntchito yanga ya ufitala, yokonza makina kufakitale, m'thumba mwanga mumangolowa dzanja. Koma manjawo ndikadali nawo. Ndimupangira wotchi ya pamkono.

Osati ya batire ayi. Ya batire umavala n'kuiiwala. Iyi imafuna munthu: m'mawa uliwonse uipukuse ndi zala ziwiri, apo ayi imanyanyala n'kuima. Bambo ankatero asanapite kuntchito kusiteshoni ya sitima, ali chilili pakhomo, chipewa kumutu. Ndinene zoona, poti kabuku sikaulula: ndikuopa kuiwalika. Amake azimuimbira foni mpaka khutu kutentha. Ine ndi Taonga timakondana, koma nkhani zathu ndi ziwiri, "mwauka bwanji" ndi "malaiti yabwela?" Tsono akamapukusa wotchi kumeneko, kamphindi kameneko kazikhala kanga.

Vuto ndi chigoba chakale. Galasi linasweka kalekale, khutu la pamwamba lomangirira lamba linathyoka, latsala la pansi lokha. Choncho ndipanga zonse zatsopano kuchokera ku zakale:

- chigoba: nati yamkuwa ya paipi ya madzi, ndinaitola m'ngalande kuseri kwa nyumba
- lamba: wa chikwama chachikopa cha pamwamba pa wodirobu, mmene mphemvu zimachita lendi
- galasi: la tochi yakufa imene imakhala ndi makasu
- zida: tupa, sandipepa, ndi katwiza, kopanira nsidze ka Taonga (ndabwereka, mwini wake sakudziwa)

Zonse zotola. Zopanda mwini! Taonga asamve kanthu mpaka tsikulo.

Lachiwiri

Magetsi kulibe chidzukire. Mtsinje wathu wa Kafue womwewu ndiwo umayatsa dziko, koma ife okhala m'mphepete mwake tikupemerera mbaula. Foni ya amake Taonga yafa. Yanga ikupuma mwa apo ndi apo. Wotchi ilibe nazo ntchito, ikungodzigundira pawindo. M'nyumba yonse ino ndi yokhayi ikudziwa nthawi!

Ndadula lamba wa chikwama. Chikopa chenicheni, chofewa, osati mapulasitiki a masiku ano amene amasupuka ngati njoka. Polishi pang'ono, sokosi yakale, mphamvu. Wawala. Ndamuyanika pampando wa pakhonde.

Pamenepo ndiye ndalakwitsa. Amake Taonga amuona.

"Bashi Taonga, ichi chikumba mwachichosa kuti? Ni handibagi yanga ya pa kicheni pate!"

Ndikuwakumbutsa mwaulemu kuti chikwamacho, cha paphwando lawo lokonzekera ukwati, sichinatsikepo pa wodirobu chibadwire Taonga. Yankho: "Nenze naisunga chabe." Kusungira ndani? Mphemvu? Funso lachiwirili ndalimezera m'mimba.

Pofuna kupulumuka ndaulula chinsinsi. Maso anyowa, akuti maganizo anga ndi abwino kwambiri ndipo sauza mwana. Ndikuti eya, zatheka. Ayi ndithu. Lamba atenga. Amusokereranso pachikwama ndi ulusi wakuda, apukuta nkhungu, n'kupita nacho kumsika. Lambayo wafupika, chikwama chikukhala m'khwapa ngati nkhuku yogula, koma akuyenda nacho monyadira.

Pobwerera aima pawindo n'kuyang'ana makina aja nthawi yaitali.

"Ni ya ba late batate banu iyi?"

Ndavomera. Angoti "hmm" n'kulowa. Sindikumukonda "hmm" ameneyo.

Lamba: palibe. Mwina chubu cha njinga. Tiona.

Lachitatu

M'mawa wokoma. Nati ndaipana pa vayisi, tupa akuimba. Ngodya ndazidya imodziimodzi mpaka yasanduka yozungulira. Sandipepa, phulusa, nsanza. Mkuwa umene unali wobiriwira ndi ndere tsopano ukuthwanima ngati mphete ya mkwati. Makina alowa bwinobwino, ungati anabadwira momwemo. Zalazi zikadakumbukira ntchito, anthuni!

Ubwino wa chinthu chotere ndi umenewu. Wotchi ya m'sitolo sudziwa kumene yachokera. Iyi ndikudziwa mbiri ya kachidutswa kalikonse. Mwana akavala, wavala Kafue Estates yense pamkono, ndi ngalande yomwe.

Chimwemwe chandipusitsa. Magetsi atangobwera ndajambula kugunda kwa wotchi pafoni n'kutumiza kugulu la abale a kwathu, mmene Taonga mulibe. Ndalemba kuti: Mukumva? Mdala wadzuka.

Masana. Ndikupukutira pakhonde poti m'nyumba muli mdima. Za dzulo sindinaphunzirepo kanthu. Ba Mulenga a nyumba yoyandikana aima pampanda.

"Ba neba, ka golide ako mwakagula kuti?"

Ine ndi chifuwa chonse: m'ngalande, kuseri uku! Nkhope yawo yasintha pomwepo.

"Mu dreni ya kumbuyo? Iyo nati ni ya pa paipi yanga. Nenze naisunga chabe."

M'ngalande! Mvula zingati zadutsa pamwamba pake? Achule aikira mazira m'kati mwake, Ba Mulenga akudutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo osaiona. Ndikuwaonetsa kuti mazinga ndadya onse, singagwirenso paipi iliyonse padziko lapansi. Akuti palibe kanthu, ikhala ya makiyi.

Ndaganiza zokana. Koma munthu amene timabwerekana wilibala, amene ananyamula Taonga pagalimoto yake atathyoka mwendo ali kusukulu, ndidane naye chifukwa cha nati? Ndatulutsa makina, ndapereka. Amangirira makiyi ndili pomwepo.

"Mwaisebenzela bwino, ba neba. Muli na talenti."

Talenti! Makina abwerera m'chigoba chawo chakale cha khutu limodzi, kungoyembekezera.

Lachinayi

Ndazungulira kufuna nati ina. Kuseri kwa msika, kunjanji, mpaka njira ya kumafakitale. Palibe ngakhale msomali. Otola zitsulo amasesa tauni ino kuposa a khonsolo.

Chabwino. Tiyambe galasi. Ndalichotsa patochi, ndikulinola pasitepe ya simenti, madzi pang'onopang'ono, mpaka lachepa kukwana chigoba cha bambo. Msana ukuwawa, chala chachekeka. Koma likukwana, ndipo pansi pake kamuvi ka masekondi kakuthamanga mooneka bwino.

Odi pakhomo. Ba Mweemba, msodzi amene amatibweretsera nsomba za kumtsinje. Lero abwera ndi nsomba ndi nkhani. Amva kwa Ba Mulenga kuti pano patsegulidwa fakitale yodzutsa zakufa.

"Ka tochi kanga kaja, bakamba. Nenze nakasunga chabe pano. Na malodishedi aya, malaiti kulibe, nikafuna."

Ndinaiwala n'kuiwala kuti anaisiya ndi iwo, chaka chimene tinakhoma denga latsopano. Ndikuwauza kuti galasi lachepa, patochi lizigwedera. Akuti amanga ndi chubu. Kenaka akuti, poti ndili kale ndi zida pamwendo, ndiyang'aneko chimene inafera. Ndayang'ana. Dzimbiri pa sipuling'i basi. Ndapala, yayaka. Apita ndi tochi yamoyo, galasi langa, ndi chubu chimene ndimati chikhale lamba!

Ndazindikira lamulo la tauni ino. Pa Kafue chinthu sichitayidwa, chimangopumula. Chikhale m'matope, palibe ochidziwa. Chipukute chiwale, mwini wake atulukira ndi mboni.

M'nyumba Taonga akugubuduza zinthu. "Dadi, simunaoneko ka twiza kanga?" Ndikuyang'ana kudenga ngati ndikuwerenga malata. Kali m'thumba la shati. Chipinda chake chayamba kumveka ngati chitini chopanda kanthu. Msomali umene umakhala ndi yunifolomu uli wokha pakhoma. Ndatuluka msanga, zandikhudza.

Ndipo tsiku lisanathe, uthenga pafoni. Akulu anga, Ba Yotamu a ku Chawama, ku Lusaka: "Namvela mdala alila. Nibwela pa Chibelu nitenge nkoloko yanga."

Loweruka limeneli! Ndipo choipa n'chakuti sakunama. Pogawa katundu pamaliro a bambo, akuluakulu anaitana dzina lawo pa njinga, jekete ndi wotchi. Anakwera njinga, anavala jekete, wotchi anaisiya pawindo, amvekere "vakufa ni vakufa". Ine ndinangoitola. Lero ndadziitanira ndekha. Akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga wanditsata pa minibasi.

Lachisanu

Mapulani a lero:

- kupeza galasi lina kumsika
- kupeza bodza labwino la mawa
- kusalankhula ndi aliyense amene anatayapo chinthu

Kumsika galasi kulibe. Bodza silikubwera. Ndafika kunyumba, pawindo palibe wotchi.

Ndafufuza pansi pa mpando, m'mbaula, m'kamwa mwa galu. Masana amake Taonga atulukira kuchokera kumapemphero a azimayi, chikwama chili m'khwapa, nkhope ili ngwee. Atulutsa kampango. Afunyulula. Wotchi ikunyezimira ngati chitumbuwa chongochoka m'chiwaya.

Ndaiika kukhutu. Zii.

"Vintu va bantu bakufa sivingayende chabe na mwana. Bamai busa baipempelela, baizoza. Na ise tonse taikako."

Tonse! Gulu lonse la azimayi, aliyense ndi chala chake m'botolo la mafuta odzozera, pa wotchi yopanda galasi! Makina amenewa amadya mafuta ochepa kuposa msozi wa nyerere. Awa amwa ngati akukazingidwa. Kagudumu kamene kamavina uku ndi uku kagona m'dziwe, kakungondiyang'ana.

Ndakwiya. Ndilembe bwinobwino: ndakwiya kwambiri. Sindinakalipe. Ndapita kukaima kuseri, pafupi ndi ngalande ija, kumene mavuto anayambira. Lamulungu ndi mkuja. Mwana anyamuka ndi mapoto a amake, sutikesi ya azakhali ake, ndi moni wa bambo ake.

Patapita nthawi amake Taonga abwera ndi kapu ya tiyi. Aima pambali panga, tonse tikuyang'ana achule.

"Nenze nayopa chabe. Ayenda kutali. Ni mwana wanga naine."

Mkwiyo wathera pomwepo, wanditsalira ndi ulesi wokha. Ine mantha anga ndawanola ndi tupa sabata yonse, iwo awo awathira mafuta. Tiyi anali ndi shuga wambiri, wopepesera.

Loweruka

Ba Yotamu afika ndi minibasi yoyambirira, atavala jekete lomwe lija. Moni wachidule. Dzanja latambasuka kale.

Ndapereka. Bodza sindinalipeze. Aiika kukhutu lakumanja. Aiika kulamanzere. Aigwedeza. Aigogoda patebulo, mtima wanga n'kugogodeka nawo. Zii. Zala zawo zili noninoni, apukutira katani yathu.

"Iwe mufana, ija saundi unaichosa pa intaneti? Wanidyesa chabe transipoti. Vakufa ni vakufa. Sunga."

Sunga! Kachiwiri, ndipo ulendo uno pamaso pa mboni. Amake Taonga ali pakhomo la kukhitchini, akuyang'ana kumwamba, milomo ikuyenda.

Adya nshima ndi nsomba za Ba Mweemba mpaka kutsala minga yokha. Potuluka aona tupa pakhonde. Akuti ameneyu anali wa mdala, akumukumbukira bwino. Ndinagula ndekha tupa ameneyo, ndi malipiro anga oyamba. Apite naye. Munthu sabwerera ku Chawama chimanjamanja.

Atangokhota pakona, amake Taonga: "Mwaona anointing'i, Bashi Taonga?"

Akunena mafuta odzozera aja. Monga fitala ndikukana. Monga bambo wa mwana ndangoti ameni.

Tsopano ntchito. Taonga atumidwa kukatsanzika kwa anthu a kutchalitchi, nyumba ndi nyumba, ndipo amake amupatsa mayina okwana tsiku lonse. Petulo m'kachivindikiro. Mbale yoyera ya alendo. Ndamasula kalikonse: timagudumu, tizomangira tating'ono ngati mchenga, sipuling'i yopyapyala kuposa tsitsi. Kutsuka, kuumitsa, kutsukanso. Amake Taonga atseka mawindo kuti mphepo isabe kanthu, ndipo aima kumbuyo kwanga osapuma. Kachomangira kamodzi kathawa m'kopanira, tonse awiri tagwada pansi ngati tili pamapemphero. Akapeza ndi iwo, pansi pa phazi langa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo lero nkhonoyo ndaidikira mpaka khosi kuuma.

Dzuwa likupendeka. Ndapukusa ndi zala ziwiri. Chete. Ndapemerera pang'ono. Tiki. Tiki-tiki-tiki!

Amake Taonga aluluta chapansipansi, kuopa a Mulenga.

Galasi ndadula pabotolo la pulasitiki la m'nyumba mwathu momwe, ndipo ndafunsa kaye katatu ngati wina akulisunga. Tsono chimene ndili nacho ndi ichi:

- chigoba chakale cha bambo, chokandikakandika
- khutu limodzi, la pansi
- pulasitiki m'malo mwa galasi
- fungo la petulo losakaniza ndi la kuguwa
- lamba: palibe, ndipo ngakhale atapezeka, pomumangirira palibe

Sabata yathunthu kuti ndifike pamene ndinayambira. Wotchi ya pamkono yosafika pamkono.

Lamulungu

Tchalitchi chatiphonya lero. Tili pamsewu wa ku Lusaka, podikirira minibasi, sutikesi ndi mapoto zili pamiyendo. Wotchi ili m'thumba mwanga, m'kampango. Ndaganiza zongobwerera nayo. Mphatso yanji yochititsa manyazi chonchi? Kondakitala akukuwa, katundu wakwera kale. Amake andigunda ndi chigongono.

Ndatulutsa. Ndikufotokoza mothamanga kuti imayenera kukhala ndi mkuwa, ndi lamba wachikopa, ndi galasi lenileni, koma eni ake anabwera. Ndikupepesa. Taonga waiika kukhutu. Akuseka, ndipo misozi ikutsika nthawi yomweyo.

"Dadi, ku wodi sitivala vilivonse ku kwanja. Ni lamulo, olo ring'i. Manesi timapachika apa, pa chifuba."

Sabata yonse kulimbana ndi lamba! Kukangana ndi mkazi wanga, kutaya chubu, kusowa tulo, chifukwa cha chinthu choletsedwa! Ndikanangofunsa. Koma ine ndi iye nkhani zathu ndi za magetsi.

Amake apisa dzanja m'chiuno. Amasula kaphini kamene kamagwira chitenje chawo, akalowetsa m'khutu limodzi lija, n'kumupachika mwana pabulauzi. Wotchi yalendewera chadodolido, manambala ali miyendo m'mwamba. Ndikuti tsoka linanso ili. Taonga waweramitsa mutu, ndipo kwa iye, poyang'ana kuchokera pamwamba, yaima bwinobwino. Akuti za manesi zonse zimakhala choncho.

Kenaka wagwira mkono wanga, zala ziwiri pamtsempha, maso pa kamuvi ka agogo ake. Chikulireni sanandigwirepo dzanja nthawi yaitali chonchi.

"Mutima wanu utamanga maningi, Dadi. Muzinkala pansi." Ndipo atalowa kale, mutu pawindo: "Na ka twiza kanga mubweze!"

Ndapereka pawindo pomwepo minibasi ikuyenda, ndikuthamanga nayo, ndikukuwa kuti m'mawa uliwonse, zala ziwiri, osakakamiza ikalimba. Wagwedeza mutu, dzanja lili pachifuwa. Yakhota. Yapita.

Tabwerera wapansi. Amake agwirizira chitenje ndi dzanja njira yonse, chikwama chili m'khwapa. Pa wotchi yonse ija, kaphini kokha ndiko palibe adzabwere kudzakaitanitsa.

Magetsi kulibe. Pawindo palibe chogunda, ndipo m'nyumba muno palibenso akudziwa nthawi. Pakhonde patsala fumbi la mkuwa, Ba Mulenga akalifuna abwere ndi tsache. Ndalowa m'chipinda cha Taonga, ndakhala pabedi lopanda nsalu, ndikuyang'ana msomali uja. Lamulo la pa Kafue silisankha. Umatola kanthu kakang'ono kolira usana ndi usiku, umakapukuta zaka ndi zaka, ndipo kakangowala, eni ake atulukira, odwala a kuseri kwa Solwezi amene sindidzawaona n'komwe.

Sindikangana nawo. Nane ndimangomusunga chabe.